Mlandu wa Mwana wa Sisita wa Muganda

1953

Ana anga, za ubwana wanga ndazisiya dala, chifukwa azakhali anu anakusimbirani kale ndipo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pa tsiku limene lole ya boma yochokera ku Lundazi inanditsitsa pa Chama, satifiketi ya uzamba ili m'sutikesi, iwe Lusiya uli kumsana usanayambe n'kukwawa komwe. Atate anu anali atapita ku migodi, atalonjeza kuti adzatitenga akakhazikika. Kuchokera pa Chama kukafika ku Kambombo, kumene ananditumiza kukagwira ntchito, kunalibe galimoto. Kapaso, mesenjala wa khoti, anamangirira sutikesi panjinga n'kumaikankha, ine ndikutsata m'mbuyo, kashembe akutiluma msana. Ndinakufunditsa nsalu mpaka kumutu, kenako n'kumaima pafupipafupi kuti ndimve ngati ukupuma.

Kachipatala kathu kanali ka zipinda ziwiri, kofolera ndi udzu. Bwana wanga anali a Tembo, odali wamkulu, wothandiza madokotala, amene anagwirapo ntchito kunkhondo, munthu wamtali wosakonda kubwereza mawu. Atayang'ana satifiketi yanga anandibwezera nati, "Muisunge m'chitini, kuno chiswe sichidziwa kuwerenga. Manje tiyeni mukaone zomwe tilibe." Zomwe tinalibe zinali zambiri. Mabandeji tinkawiritsa n'kuwayanika mpaka atasanduka ulusi. Mvula ikadula njira, mapiritsi a malungo ankatha, ndipo a Tembo ankawathyola pakati, ena mpaka kanayi. Ine ndinali wamantha ndi chilichonse: njoka m'denga, njovu m'minda ya mpunga, Chisenga chimene sindinkachimva bwino, ndipo kuposa zonse, kuchotsedwa ntchito. Zokambirana zambiri zomwe ndilembe pano zinali m'Chisenga, ine ndangoziika m'chilankhulo chathu.

Panali mwambo umodzi umene unandisautsa kuyambira pachiyambi. Mayi akachedwa kuchira, akuluakulu achikazi ankati anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati, ndipo mwana satuluka mpaka dzina la mwamunayo litatchulidwa. Ankamuzungulira n'kumamukakamiza kuti atchule. Ndinaonapo kamtsikana kakutchula mayina a amuna amene sikanalankhulanepo nawo, kungoti akasiye. Nditapempha a Tembo, anandilola kuika lamulo lakuti m'chipinda cha amayi muzikhala ine ndi wodwala basi. Amayi achikulire anandida nazo, koma ankabweretsabe ana awo, iwo n'kumakhala pansi pa zenera, makutu ali tcheru.

1954

Anthu atakolola, magulu a muganda anayamba kuyenderana. Inu a masiku ano mumauona pa wailesi yakanema, wofupikitsidwa, ndiye simungamvetse. Amuna ankavala makabudula oyera ositidwa mpaka kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, akuimba malipenga a zikho ndi kuguba ngati asilikali. Gulu lililonse linali ndi mfumu yake, dokotala wake, ndi nesi wake woyenda pakati pa mizere kupukuta ovina thukuta. Nesiyo ankakhala mwamuna wovala diresi, ndipo m'magulu ambiri inali nthabwala chabe, munthu wandevu akudzigwedeza kuti ana aseke.

Wa ku Kambombo sanali nthabwala. Dzina lake ndimutcha Yotamu, pakuti mayina ndawasintha, koma chigwa chonse chinkamudziwa kuti Sisita. Anthu ankayenda wapansi kuchokera ku Tembwe ndi ku Chifunda kudzamuona, ndipo anyamata obwera ku migodi ankati mbiri yake inafika kumeneko. Tsiku loyamba kumuona ndinaima kumbuyo, iwe Lusiya uli m'manja. Ng'oma yaikulu inalira, fumbi linakwera, mizere inatseguka, ndipo anatulukira atavala zoyera kuyambira kumutu, kagalasi kudzanja lina, kampango kudzanja lina. Sanathamange, sanadumphe. Anangoyenda. Mapazi ake ankakhala ngati sakuponda pansi, phewa limodzi n'kumatsika pang'ono ng'oma isanagunde, ndiye unkaona ngati ng'oma ndiyo ikutsatira iye. Atayamba kuimba, mawu ake anakwera pamwamba pa malipenga onse, osati a mwamuna, osati a mkazi, a iye yekha. Khamu lonse lija linati zii. Mayi wina pafupi nane ankalira osadziwa kuti akulira. Ine ndinakulira ku mishoni kumene ankatiletsa magule, koma tsiku limenelo tsitsi linandiimirira ngati m'tchalitchi.

Woimba ng'oma yaikuluyo anali Kefasi, munthu wojintcha, wachete. Iye ndi Yotamu sankasiyana. Anthu ankanena zambiri za awiriwa, koma ankazinena chapansipansi, chifukwa nkhani yotere ikanafika kwa azungu a ku boma, mapeto ake inali ndende, ndipo palibe ankafuna kutaya Sisita wake.

Patapita masiku ndinamupeza Yotamu atakhala pabenchi ya odwala, atavala kabudula wa khaki, kamunthu kochepa thupi kamene ukanakadutsa panjira osacheuka. Ndinamufunsa chomwe chikumuvuta.

"Palibe, a Nesi. Ndabwera kudzaba."

"Kudzaba chiyani? Kuno tilibe kanthu."

"Kayendedwe. Mukanyamula mbale ya mankhwala, chigongono mumachiika bwanji? Tayendaninso, ndione."

Ndinayenda, ndikuchita manyazi. Iye anadzuka n'kunditsanzira, ndipo ndinadziona ndekha: kakhosi kopendekera, maso akuthamangira uku ndi uku ngati pali wondikalipira. Odwala anaseka mpaka wa chifuwa anatsamwa. Ngakhale a Tembo anatembenukira kukhoma.

Chaka chomwecho anamutengera Yotamu kukhoti koyamba. Mkulu wina wa mpingo anadandaula kuti mwamuna wovala diresi akuononga achinyamata. Khoti linamva, n'kulamula kuti gulu lisamavine tsiku la Sabata, nkhani n'kuthera pomwepo. Akapaso amene anamuperekeza kukhoti ndi omwewo amene ankamupatulira njira pabwalo.

1955

Yotamu anali ndi mkazi, NyaLungu, mayi wodekha, wolimbikira kumunda. Anakhala m'banja zaka zingapo opanda mwana, ndiye atatenga pakati, mudzi wonse unayamba kuwerengera zala. Nthawi yochira itakwana anabwera naye pamachira m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, kukutentha kwakuti ngakhale nkhuku zinkayasamula. Azakhali ake anakhala pansi pa zenera. Yotamu ndi Kefasi anakhala patali pansi pa mtengo.

Dzuwa linafika pamutu mwana asanabwere. Ndinapeza kuti mutu wagona chagada, zomwe zimachedwetsa koma sizipha ngati mzamba sapupuluma. Kunja azakhali anayamba. "Tchula! Tchula dzina, ufa iwe! Tonse tikudziwa kuti si wa Sisita!" Ndinatseka zenera, koma mawu ankalowabe. NyaLungu anali atatopa, ndipo mwambowo ankaukhulupirira ndi mtima wonse. Anandikoka khosi mpaka khutu langa linafika pakamwa pake.

"Ndi Kefasi," ananong'ona. "A Yotamu akudziwa, ndiwo anatipempha. Ndatchula, a Nesi. Manje sindifa?"

"Simufa, amama. Gwadani, mugwire bedi."

Ndinamugwaditsa, mutu unatembenuka, ndipo posakhalitsa kamtsikana kanatuluka kakukuwa. Chinsinsi chimenecho ndachisunga moyo wanga wonse wa ntchito. Ndikuchilemba lero chifukwa atatuwo anapita, ndipo mwanayo, amene tsopano ndi agogo, anandiuza yekha kuti ndilembe. Koma taonani mmene zinamvekera kwa okhala pansi pa zenera: kukuwa kunaleka, kunamveka kunong'ona, kenako mwana analira. Kwa iwo umenewo unali umboni wokwanira kuti dzina latchulidwa, ndipo walimva ndi munthu mmodzi yekha.

Tsiku lotuluka, NyaLungu anandiuza akumanga katundu, "Musandimvere chisoni. Awiri aja, a Yotamu ndi a Kefasi, ine ndinawapeza ali kale limodzi, ndipo sanandibisire. Sanandimenyepo, sanandigonetsepo ndi njala. Ndinkangosowa mwana, ndiye tinakhala pansi atatu n'kukambirana." Ku koleji sanatiphunzitse zimenezo, ndipo ku tchalitchi anatiphunzitsa zina. Ndinangomuthandiza kubereka mwana.

1956

Mlongo wake wa NyaLungu, Wadisoni, anabwera kuchokera ku migodi mvula itatha, ndipo azakhali anamuuza zonse. Anakasuma kukhoti la mfumu kuti ukwati uthe chifukwa mlamu wake si mwamuna, ndiponso kuti NyaLungu ndi mwana abwerere kwa a Lungu. Khoti likanavomereza, Yotamu sakanamuonanso mwanayo. Mboni yaikulu ndinali ine.

Kapaso atandiuza, ndinapita kwa a Tembo. Anali kuthyola mapiritsi, ndipo sanadzutse mutu.

"Mukakana kuyankha, alembera ku Lundazi," anatero. "Kumeneko angakuchotseni, angakuponyeni kutali. Ine sindingakutetezeni."

"Nanga inu mukanatani, bwana?"

"Kunkhondo anyamata ankandiuza zambiri akamafa. Mwayi wanga, palibe anandifunsa. Inu akufunsani."

Ndikuuzeni zoona, ana anga, sindinali wolimba mtima. Atate anu anali atasiya kutumiza mawu, ndipo chakudya chako iwe Lusiya chinkachokera m'manja mwanga mokha. Ndinaganiza zonena dzinalo, n'kudzitonthoza kuti ndangomvera khoti. Ndinaganiza zonama kuti sindinamve kanthu, koma bodza pamaso pa anthu ndi Mulungu linandikanika. Mpaka m'mawa wa mlandu ndinali ndisanadziwe chomwe chidzatuluke pakamwa panga.

Khoti linali chisakasa chopanda makoma. Anthu anadzaza bwalo lonse, ena atakwera m'mitengo, ambiri atabwera kuchokera kutali ngati kuli muganda. Wozenga mlandu anali a Kumwenda, kankhalamba kakang'ono kokonda fodya wamphuno, kamene kankaoneka ngati kakuodzera nthawi zonse. Yotamu anakhala pansi kutsogolo atavala khaki wake uja. Kefasi anaima kumbuyo kwenikweni. NyaLungu anakhala ndi mwana pakati pa azakhali ake.

Wadisoni anaimirira atavala suti, thukuta lili chuchuchu. "Bwana, ine ku migodi sindiyenda momasuka. Ndikalowa mu holo ya mowa amati, wafika mlamu wa Sisita, mupatseni kagalasi." Anthu anaseka. "Musaseke! Munthu uyu si mwamuna. Akapita kovina amafunda bulangete limodzi ndi wang'oma wake."

"Munaliona bulangetelo?" anafunsa a Kumwenda.

"Anthu amanena."

"Anthu ndi awa adzaza apawa. Amene analiona aimirire."

Palibe anaimirira. Wina mumtengo anakuwa kuti, "Nthawi yozizira tonse timafunda awiriawiri!" ndipo kapaso anachita kumenya ndodo pansi kuti phokoso lithe. Zakhali wamkulu anafotokoza zomwe anamva pansi pa zenera. Kenako anaitana ine.

Ndinaima iwe Lusiya utagwira diresi langa. Mawondo anga ankagundana moti ndinkaopa kuti anthu akumva.

"A Nesi, NyaLungu ananong'ona?"

"Ananong'ona, bwana."

"Linali dzina la mwamuna?"

Ndinayang'ana NyaLungu. Sanandiyang'ane, ankakonza kachipewa ka mwana. Ndinamva mawu anga akutuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu. "Zimenezo sindinena, bwana."

Bwalo linachita phokoso. A Kumwenda anatsegula maso onse awiri, koyamba tsiku limenelo.

"Simunamve, kapena simunena?"

"Sindinena. Mayi akakhala pa imfa amalankhula ndi mzamba, salankhula ndi khoti. Ndikatulutsa lero, mawa palibe abwere kwa ine. Adzachirira kuthengo."

"Mukudziwa kuti ndilembera akuluakulu anu?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Muli ndi mwana wamng'ono."

"Ndili naye, bwana." Apa misozi inali itayamba kale, koma pakamwa ndinatseka.

Wadisoni anakuwa kuti kukana kwangako ndi umboni. A Kumwenda ananunkhiza fodya, nayetsemula, naitana NyaLungu kuti aimirire. Mwana anali atayamba kulira ndi kutentha. Azakhali anatambasula manja kuti amulandire. NyaLungu anawadutsa onse, n'kukamuika m'manja mwa Yotamu pamodzi ndi nsalu yoberekera.

Zomwe zinachitika kenako ndimazionabe ndikatseka maso. Yotamu anaimirira, anawerama, anaponya mwana kumsana n'kumanga nsalu pachifuwa mwaluso kuposa amayi ambiri amene ndawaphunzitsa. Bwalo linaphulika ndi kuseka.

"Mwaona!" anakuwa Wadisoni. "Mwadzionera nokha! Mwamuna uti amabereka mwana pabwalo la milandu?"

A Kumwenda anadikira phokoso lithe. "A Yotamu, funso lafunsidwa. Ndinu mwamuna?"

"Adada," anatero Yotamu, mawu ake osakwera, "funso limenelo ndinayamba kufunsidwa ndisanamere mano achiwiri. Anthu awa amayenda mitunda kudzandifunsa ndi maso, ndipo amabwerera kwawo atasangalala. Lero sindinabwere kudzawayankha. Ndabwerera uyu ali kumsanayu. Mkazi wanga sindikumuimba mlandu. Palibe mwamuna m'chigwa muno amene ndikumuimba mlandu. Mwana uyu ndinamupempha kwa Mulungu, ndinamudikira pansi pa mtengo, dzina ndinamutcha ndine. Mukamuchotsa kumsana kuno, mudzamuuze nokha chifukwa chake akadzakula."

Mwana ankalirabe. Yotamu sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anatsitsa phewa limodzi pang'ono, n'kulikweza, n'kutsitsa linalo, mapazi ali pamalo amodzi, ndipo anayamba kung'ung'udza chapansipansi nyimbo imene ankalowera nayo pabwalo. Panalibe diresi, panalibe ng'oma, panalibe malipenga. Kanali kamunthu ka kabudula wakutha, mwana ali kumsana. Koma kuseka kunazima ngati moto wothiridwa madzi. Amayi a kumbuyo anayamba kuyankha nyimboyo milomo ili chitsekere, kenako amuna, kenako a m'mitengo, mpaka bwalo lonse linkalira ngati mng'oma wa njuchi. Ndinaona kapaso ndodo ili m'mwamba, ataiwala chomwe anaikwezera. Ndinaona zakhali wamkulu, yemwe uja wa pansi pa zenera, mutu ukugwedezeka wokha. Ndagwira ntchito zaka zambiri, ndaona anthu akubadwa ndi akufa, koma sindinaonenso munthu mmodzi atagwira khamu lotere popanda kukweza mawu. Mwana anagona.

A Kumwenda analankhula motsitsa, ngati akuopa kumudzutsa. "NyaLungu, muli ndi dandaulo pa mwamuna wanu?"

"Ndilibe."

"Za kuchipinda?"

"Ndilibe, adada."

"Mukachoka pano mukufuna kupita kuti?"

"Kwanga. Ndasiya mpunga padzuwa."

Nkhalamba ija inapukuta mphuno. Inati mlandu wa chigololo mwini wake ndi mwamuna, ndipo mwamuna wakana kusuma. Mlandu wa kuchipinda mwini wake ndi mkazi, ndipo mkazi wakana kusuma. Dzina palibe walitchula pabwalo. "A Wadisoni, inu mwabwera kudzadandaula za mphasa imene simugonapo. Ukwati ulipo. Mwana akhala kumene ali." Kenako inatembenukira kwa ine. "Koma inu a Nesi mwakanira khoti pamaso pa anthu. Ndikapanda kulemba, mawa aliyense azikana. Ndilemba."

Analembadi. Sanandichotse ntchito, koma mvula isanagwe anandisamutsira ku Chifunda, kumene kunalibe ngakhale a Tembo woti n'kuwafunsa, ndipo iwe Lusiya malungo a kumeneko anatsala pang'ono kukutenga. Masiku amene unkaphupha ndi kutentha thupi ndinadzifunsa kambirimbiri ngati ndinachita bwino kuika mwana wanga pangozi chifukwa cha mwana wa eni. Yankho lokhazikika ndilibe mpaka lero, ndipo uli ndi ufulu wondiweruza.

Koma madzulo a tsiku la mlandu ndinali ndisanadziwe zonsezo. Ndinakhala pachitsa kunja kwa khoti. Anthu anapatuka okha kupereka njira. Yotamu atafika pamene ndinali anaima, n'kuwerama pang'ono kuti mwana asadzuke.

"A Nesi," ananong'ona, "mawondo anu avina bwino lero. Mudzandiphunzitse."

Ndinaseka ndikulira. Iwo anatsika njira ya kumudzi, NyaLungu patsogolo akufulumirira mpunga wake, Yotamu pakati, Kefasi m'mbuyo atanyamula mphasa. Wadisoni anaima pambali chipewa chili m'manja, ndipo atamudutsa anasuzumira kumsana kuja kuona nkhope ya mwana wa mlongo wake. Sanatambasule dzanja.